Momwe Mungasinthire Ntchito n'Kuyamba za Makompyuta Kuno ku Tete

Munthu amene wakhala zaka zingapo ali mphunzitsi, dalaivala, wogulitsa m'sitolo kapena wantchito wa kumgodi wa malasha ku Moatize, ndipo tsopano akufuna kulowa ntchito za makompyuta, ayenera kuyamba ndi kusankha nthambi imodzi yokha. Ntchito zimenezi zili ndi mbali zambiri. Pali kukonza ndi kusamalira makompyuta, pali kuyala ndi kuyendetsa netiweki, pali kulemba mapulogalamu, ndiponso pali kusunga ndi kusanthula ziwerengero za kampani. Amene amayamba zonse pamodzi amatha miyezi yambiri akuonera mavidiyo, koma osatha kuchita chinthu chimene wina angamulipire.

Ine ndimaona kuti m'chigawo chathu chino n'kwanzeru kuyamba ndi kukonza makompyuta kapena netiweki, chifukwa mabanki, masukulu, zipatala, maofesi a boma ku Ulongué ndi ku Furancungo, komanso makampani amene amagwira ntchito ku migodi ndi ku Songo, onse amafuna munthu wapafupi amene angafike msanga makina osindikizira akakana kapena intaneti ikaduka. Kulemba mapulogalamu ndi ntchito yabwino, koma malo ake ambiri ali ku Maputo, ndipo kuigwira muli kunyumba kumafuna magetsi ndi intaneti zodalirika tsiku lonse. Posankha, musataye luso limene muli nalo kale. Amene amadziwa za magetsi savutika ndi mawaya a netiweki, amene ankawerengera ndalama ayenera kuzama pa Excel ndi mapulogalamu a akawunti monga Primavera, pomwe mphunzitsi akhoza kupeza ndalama pophunzitsa ena kugwiritsa ntchito kompyuta.

Musasiye ntchito imene ikukudyetsani panopa. Patulani ola limodzi kapena awiri madzulo alionse, ndipo gulani laputopu yogwirapo kale ntchito imene ili ndi RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) yosachepera 8 GB ndi diski yothamanga ya mtundu wa SSD. Musanapereke ndalama, yesani batire lake poichotsa ku magetsi kwa kanthawi, popeza laputopu yozima magetsi akangothima singakuthandizeni kumudzi. Mamega nawonso amatha msanga, choncho ndi bwino kuyerekeza mitengo ya Movitel, Vodacom ndi Tmcel, kenako kukopera maphunziro pamene muli pamalo ogwira bwino netiweki kuti mukawerenge popanda intaneti.

Zambiri zoyambira zimapezeka kwaulere. Cisco Networking Academy, sukulu ya pa intaneti ya kampani ya Cisco yopanga zipangizo za netiweki, ili ndi maphunziro oyamba a netiweki, ena mwa iwo m'Chipwitikizi, ndipo pulogalamu yake ya Packet Tracer imakulolani kulumikiza makompyuta, ma router ndi ma switch (zipangizo zolumikizira netiweki) pagalasi la laputopu yanu musanakhudze chipangizo chenicheni. Ikani Ubuntu, mtundu wina wa Linux, pambali pa Windows kuti muzolowere Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imayendetsa maseva (makompyuta otumikira makompyuta ena pa netiweki) ambiri padziko lapansi. Ofuna kulemba mapulogalamu angayambe ndi chinenero cholembera mapulogalamu cha Python kapena maphunziro a pa webusaiti ya freeCodeCamp. Pano nkhani ya chinenero siyothawika: kalata yofunsira ntchito ndi mafunso a kuofesi zidzakhala m'Chipwitikizi, koma malangizo a zipangizo ndi mauthenga osonyeza vuto nthawi zambiri amabwera m'Chingelezi. Anthu a m'malire, monga ku Zóbuè ndi ku Calómuè, amene anazolowera Chingelezi chifukwa choyandikana ndi Malawi, ali ndi mwayi umene ena sauona.

Za sukulu zimadalira nthawi ndi thumba lanu. Amene anamaliza kalasi ya 12 ndipo angathe kupereka zaka zingapo angalembe mayeso olowera ku Instituto Superior Politécnico de Tete, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 2005 ndipo imaphunzitsa uinjiniya wa makompyuta. Amene ali ndi banja ndipo sangadikire zaka zambiri choncho afunse ku IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito zamanja, kuti adziwe maphunziro afupiafupi amene alipo chaka chimenecho. Masukulu a anthu wamba alipo ambiri m'tauni, ndipo ena ndi abwino ndithu, koma musanalipire funsani ngati ali ovomerezeka ndi ANEP, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito, ndiponso onani nokha ngati wophunzira aliyense amakhala pa kompyuta yakeyake. Satifiketi ya CCNA, imene Cisco imapereka kwa odziwa za netiweki, imalemekezedwa ndi olemba ntchito, koma mayeso ake amalipiridwa madola pafupifupi 300 ndipo imagwira ntchito zaka 3 zokha isanafunike kuikonzanso, motero si yothamangira musanaphunzire mokwanira.

Chimene olemba ntchito amafunsa kwambiri ndi chakuti munakonzapo chiyani. Pemphani kusamalira makompyuta a kutchalitchi, a kusukulu ya pafupi kapena a sitolo yojambula mapepala, ngakhale polandira zochepa, ndipo lembani m'kope vuto lililonse limene mwakumana nalo, chimene chinaliyambitsa ndi mmene munalithetsera. Kope limeneli ndi limene lidzakupatsani zoyankha tsiku la mafunso.

Ngati mwaganiza zodzilemba nokha ntchito, tengani nambala ya msonkho ya NUIT ndi chilolezo cha bizinesi ku BAÚ, ofesi ya boma yopereka zilolezo, chifukwa makampani ndi maofesi salipira munthu amene sangapereke fatura. Makasitomala ang'onoang'ono angamakulipireni pa M-Pesa kapena e-Mola. Kompyuta iliyonse imene mwalandira, gwirizanani mtengo ndi mwini wake musanaitsegule, sungani mafayilo ake pa diski ina musanafufute chilichonse, ndipo musatsegule zithunzi kapena makalata amene sakukhudzana ndi vuto limene mwapemphedwa kukonza.