Momwe mungaitanitsire baihe wouma kuchokera ku China n'kumagulitsa kuno

Baihe ndi mutu wa pansi pa nthaka wa duwa la lily, wooneka ngati adyo. Alimi a ku China amausula makoko ake limodzilimodzi, kuwaviika pang'ono m'madzi otentha, kenako n'kuwaumitsa. Ophika amawanyika m'madzi kuti afewe, n'kuthira m'phala la mpunga, m'supu wotsekemera wa nthanga za lotus, kapena kukazingira pamodzi ndi masamba. Si chakudya cha pa Msika wa Limbe ichi. Ogula ndi ochepa, ndipo ntchito yonse yagona pa kuwadziwa musanatulutse kobiri.

Yambani ndi ogula

Chikhazikitsireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, anthu a ku China achuluka ku Lilongwe ndi Blantyre: ena ali ndi malo odyera, ena mashopu, ena ali m'misasa ya makampani omanga. Pitani mukacheze ndi wophika kapena wogula zinthu za kukhitchini. Mufunseni mtundu umene amagwiritsa ntchito, makilogalamu angati pa mwezi, komanso amene amamubweretsera panopa. Ambiri amaitanitsa okha m'kontena limodzi ndi sosi ndi bowa wouma, choncho inu muyenera kukhala ndi chifukwa choti akusankhireni: mwina kufikitsa msanga katundu wawo akatha, mwina kulola kugulitsa pang'onopang'ono. Mukayenda mzinda wonse osapeza wolonjeza kugula, imani pomwepo.

Dziwani mtundu womwe mukufuna

Apa ndi pomwe ndalama zimatayikira. Baihe wa ku Lanzhou, m'chigawo cha Gansu, ndi wotsekemera ndipo amadula, chifukwa amatenga zaka zingapo m'munda asanakumbidwe. Wa mtundu wa Longya, wolimidwa kwambiri ku Longhui m'chigawo cha Hunan ndi ku Wanzai ku Jiangxi, ali ndi makoko ataliatali okhuthala. Palinso Juandan, wodziwika ku Yixing ndi ku Longshan, wa makoko aang'ono owawirako, amene ambiri amagulira mankhwala achikhalidwe. Wophika phala akalandira wowawa m'malo mwa wotsekemera sadzakuyimbiraninso.

Musasokonezenso ndi maluwa ouma achikasu a daylily, ataliatali ngati zingano. Pa intaneti zinthu ziwirizi zimaikidwa pafupi, koma ndi malonda osiyana. Tumizani chithunzi ndi dzina la sayansi polemba oda: Lilium davidii kwa wa ku Lanzhou, Lilium brownii kwa Longya, Lilium lancifolium kwa Juandan.

Pezani wogulitsa, muone sampulo

Mutha kuyamba pa Alibaba, tsamba la malonda la pa intaneti, kapena kudzera mwa ejenti wa ku Guangzhou amene angakuyendereni mumsewu wa Yide, komwe kwadzaza ogulitsa zakudya zouma. Itanitsani kaye theka la kilogalamu pa ndege. Likafika, tsegulani phukusi mununkhize. Amalonda ena amafukiza baihe ndi utsi wa sulfure kuti ayere komanso asafumbwe. Woteroyo amayera mbee ndipo amatulutsa kafungo kowawasa kolasa m'mphuno, ngati machesi ongoyatsidwa kumene. Wabwino amakhala woyera mopita ku chikasu, wolimba, wothyoka ndi kaphokoso mukamupinda. Akapindika osathyoka ndiye kuti sanaume, ndipo mudzalipira madzi. Pemphani chikalata cha labotale chosonyeza kuchuluka kwa sulphur dioxide (zotsalira za utsi wa sulfure uja) ndi chinyezi, ndipo sampuloyo mukampatse wophika uja ayese yekha.

Mapepala akhale okonzeka katundu asananyamuke

Mufunika bizinesi yolembetsa ndi nambala yolipirira msonkho ya ku MRA. Popeza ichi ndi chomera, kafunseni chilolezo choitanitsira ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, monga ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, ndipo wogulitsa atumize chiphaso cha ku China chotsimikiza kuti katunduyo alibe tizilombo ndi matenda a mbewu. A Malawi Bureau of Standards amayendera zakudya zolowa m'dziko, choncho lebulo ikhale ndi Chingerezi: dzina, kulemera, dziko lochokera, tsiku lothera ntchito. Kiliyaring'i ejenti (wothandiza kuombola katundu ku MRA) wovomerezeka ndiye akuuzeni gulu la msonkho lomwe katunduyu akugweramo, muwerengere dyute ndi VAT musanalipire dipoziti. Nkhani ya ndalama zakunja muikambe ndi banki koyambirira, chifukwa madola amatha kuchedwa pamene wogulitsa akudikira.

Za mayendedwe n'zachidule. Makilogalamu ochepa abwere pa ndege kudzera ku Kamuzu International Airport kapena Chileka. Akachuluka, gawanani kontena ndi ena kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, koma katoni yanu isakhale pafupi ndi sopo kapena penti, chifukwa chakudya chouma chimakoka fungo.

Kusunga ndi kugulitsa

Mdani wamkulu ndi dzinja. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimalowa m'phukusi lililonse lotsegula, nkhungu n'kuyamba, anankafumbwe n'kutsatira. Pemphani kuti akupakireni m'timapaketi ta magalamu 250 kapena 500 totseka bwino, muike m'zigubu zotsekeka pamalo ozizira, pamwamba pa thandala. Mankhwala osungira chimanga asayandikire.

Pogulitsa, nenani kuti ndi chakudya basi. Ku China amati baihe amathandiza chifuwa ndi tulo, koma mukayamba kulemba pa Facebook kuti amachiza matenda mwalowa m'malamulo a mankhwala, omwe ali ndi zilolezo zawozawo.

Ndipo wina asakunamizeni kuti mungakumbe "lily" kutchire kuno n'kuumitsa nokha. Duwa lofiira ndi chikasu lija lomera m'tchire nthawi ya mvula, Gloriosa superba, mizu yake ili ndi poizoni wotchedwa colchicine, ndipo amapha munthu.