Kugulitsa galimoto yakale ya mpikisano ku Britain: yambani ndi malamulo a kalasi

Ku Britain kuli anthu wamba amene Loweruka ndi Lamlungu amakathamangitsa galimoto zakale ku mabwalo a mipikisano monga Brands Hatch, Donington Park kapena Silverstone, popanda malipiro, kungozikonda basi. Ngati muli nayo galimoto yotere, kapena abwana a pagalaja pomwe mumagwira ntchito akutumani kuti muwagulitsire, dziwani kuti wogula sayamba ndi za liwiro. Funso lake loyamba n'lakuti, ilowa kalasi iti, kutanthauza gulu la galimoto zofanana zimene zimapikisana pamodzi?

Choyamba, pezani kwawo kwa galimotoyo. Makalabu monga Historic Sports Car Club, Classic Sports Car Club ndi 750 Motor Club amatulutsa malamulo a mipikisano yawo chaka ndi chaka. Tengani a chaka chino, osati aja anafumbwira m'dirowa, muime nawo pambali pa galimoto n'kumaona chimodzichimodzi: kukula kwa injini, giyabokosi, mabuleki, matayala, kulemera kwake.

Ambiri amagwera apa. Zimene munaikamo kuti galimoto izithamanga, ndi zomwezo zimene zingaichotse m'kalasi. Titengere Mini Cooper S ya injini ya 1275cc. Malamulo otchedwa Appendix K a FIA, bungwe loyendetsa mipikisano ya galimoto padziko lonse, amaika galimoto zotere za 1962 mpaka 1965 m'gulu la Period F, ndipo ma Mini a m'gululi amathamanga ndi injini yokuzidwa pang'ono, kufika 1293cc. Wina akaikamo ya 1380cc, galimoto imaulukadi, koma pa mpikisano wa galimoto zopangidwa 1966 isanafike amubweza pageti. Matayala nawonso amafuna a Dunlop CR65 achikale aja, osati amakono omata pamsewu ngati ulimbo. Galimoto ya mpando umodzi ya mtundu wa Formula Ford yopangidwa mu 1975 singalowe gulu la Historic Formula Ford, chifukwa limenelo ndi la zimene zinalipo 1972 isanakwane. Yake ndi kalasi ina, ndipo mtengo wakenso ndi wina.

Mukapeza kuti china sichikugwirizana, sankhani: kubwezeretsa zakale, kapena kuigulitsa m'kalasi yololera zosintha pamtengo wotsika. Ine ndimati ngati zitsulo zake zoyambirira zikadali m'shedi, zipite ndi galimoto, ngakhale zachita dzimbiri. Kwa wogula wodziwa, zimenezo ndi ndalama.

Chachiwiri, mapepala. Ofunika kwambiri ndi Historic Technical Passport ya FIA, imene ku Britain imadzera ku Motorsport UK, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto m'dzikolo, ndipo imakhala zaka 10. Onani tsiku lotha ntchito. Pepalali limangonena kuti galimoto ili monga zinkapangidwira nthawi yake. Silichitira umboni kuti inathamangapo kwakutikwakuti m'manja mwa akutiakuti. Mbiri imeneyo muitsimikize ndi zotsatira za mipikisano ndi zithunzi zakale. Phatikizani malisiti a amakaniko osonyeza kuti injini inaphwasulidwa liti ndipo yathamanga maola angati chiikonzereni. Ngati inalembetsedwa kuti iziyenda pamsewu, V5C, pepala la boma la kalembera wa galimotoyo, likhalepo.

Chachitatu, zotetezera woyendetsa, pakuti izi zimakalamba ngakhale galimoto ili chiimire. Malamba a FIA amakhala zaka 5, thanki ya mafuta ya FT3 chimodzimodzi, chozimitsira moto chimafuna kuyenderedwa zaka 2 zilizonse. Madeti ali pamalebulo. Musavutike kugula zatsopano, mpando wanu mwina sungamukwane n'komwe wogulayo. Ingonenani zimene zatha n'kuchotsera pamtengo. Roll cage yokha, chikhola cha mapaipi achitsulo choteteza woyendetsa galimoto ikagubuduka, ndiye muiyang'anitsitse mowotcherera monse, ndipo ngati ili ndi satifiketi muipeze.

Musanalengeze, funsani woona za malamulo a kalasiyo ku kalabu. Mutumizireni zithunzi ndi ndandanda wa zonse zili m'galimoto. Yankho lake lolemba limaposa mawu anu onse otsatsa.

Tsopano lengezani. Tsamba la pa intaneti la Racecarsdirect, magazini a kalabu ndi magulu a pa Facebook amakwanira. Mzere woyamba utchule kalasi, kenako injini, mapepala, zitsulo zotsalira zimene mukupereka, ndi ngozi zimene inachitapo. Musabise, a m'makalabuwa amadziwana, ndipo alipo amene anaiona ikugunda khoma. Nthawi yabwino ndi ya chisanu kumeneko, Novembala mpaka Febuluwale, pamene anthu akukonzekera mipikisano yoyamba cha m'Malichi ndi Epulo.

Wofuna kuiyesa alipire yekha tsiku loyeserera pabwalo, ndipo mulemberane kuti akaiphwanya waigula. Ndalama zikaoneka mu akaunti yanu, sainiranani lisiti lokhala ndi nambala ya chasisi ndi ya injini, kenako abwere ndi thirela yake.