Momwe komiti ya ku Ntcheu ingalondolere ndalama za mankhwala, misonkho ndi nyengo ku Nyumba ya Malamulo

Mankhwala a BP kapena a shuga akasowa pa chipatala chaching'ono, makomiti ambiri kuno ku Ntcheu amathamangira kwa phungu kuti akalankhule ku Lilongwe. Phungu amakalankhuladi, mawu ake n'kumveka pa wailesi, koma mashelefu a ku famase amakhalabe opanda kanthu. Chifukwa chake chili m'malamulo aakulu a dziko lino. Gawo 57 limaletsa Nyumba ya Malamulo kukambirana bilu yoika msonkho kapena yowonjezera ndalama zotuluka m'thumba la boma popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya zachuma. Phungu payekha sangaimirire n'kuwonjezera ndalama za mankhwala. Chimene angathe ndi kukakamiza, kuchedwetsa ndi kukana, ndipo zimenezi zimaphula kanthu pa nthawi yake yokha.

Yambani ndi kalendala. Kuchokera mu 2022, chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Unduna wa zachuma umamva maganizo a anthu kumayambiriro kwa chaka, kawirikawiri ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo umalandiranso makalata. Nduna ikawerenga bajeti mu Febuluwale kapena Malichi, aphungu amagawikana m'magulu otchedwa cluster kwa milungu pafupifupi iwiri. M'magulumo ndi momwe akuluakulu a maunduna amafunsidwa mzere ndi mzere, ndipo ndi momwe mumachokera malipoti opempha nduna kuti iwonjezere apa kapena ichotse apo. Pambuyo pake Nyumba yonse imakhala ngati Committee of Supply n'kumavomereza ndalama za unduna uliwonse paokhapaokha. Kalata yofika aphungu atayamba kale kuvomereza yachedwa. Ngati mukufuna kuti nkhani yanu ilowe m'bajeti ya Epulo, umboni ukhale utakonzedwa pofika Disembala, komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) itaukambirana, khansala ataupititsa ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo.

Zinthu zitatuzi, mankhwala, misonkho ndi nyengo, musazitenge ngati nkhani zosiyana. Pokambirana bajeti amazisinthanitsa, ndipo chitsanzo chooneka bwino ndi cha ku America. Mu 2021 chipani cha Democratic chinayamba ndi ndondomeko ya madola 3.5 thiriliyoni. Nyumba ya House of Representatives inavomereza bilu yocheperapo, Build Back Better, mu Novembala chaka chomwecho. Koma ku Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, mbali ziwiri zinali ndi mipando 50 iliyonse, choncho senetala mmodzi akanatha kugwetsa zonse. Senetala wa chipani cha Democratic chomwecho, Joe Manchin wa ku West Virginia, dera la malasha ndi gasi, anakana mu Disembala. Zokambirana zinapitirira mwakachetechete mpaka pa 27 Julayi 2022 pomwe iye ndi Chuck Schumer, mtsogoleri wa chipanicho ku Senate, analengeza mgwirizano. Bilu yatsopano, Inflation Reduction Act, inadutsa ku Senate pa 7 Ogasiti ndi mavoti 51 kwa 50, wachiwiri kwa pulezidenti Kamala Harris ndiye anaponya voti yolekanitsa, ndipo Pulezidenti Joe Biden anaisainira pa 16 Ogasiti.

Taonani zimene zinatsala m'biluyo. Medicare, ndondomeko ya boma yolipirira chithandizo cha achikulire, inaloledwa kukambirana mitengo ndi makampani a mankhwala, koma poyambira pa mankhwala 10 okha, ndipo mitengo yatsopano kuyamba kugwira ntchito mu 2026. Insulin anamuikira malire a madola 35 pamwezi kwa anthu a Medicare. Pofuna kuti malirewo afikire ndi anthu a inshulansi ya makampani, panafunika mavoti 60 malinga ndi malamulo a Senate, koma anapezeka 57, mfundoyo n'kugwa. Makampani opeza phindu loposa madola 1 biliyoni pachaka anawaikira msonkho wosachepera 15 peresenti. Senetala Kyrsten Sinema wa ku Arizona anachotsetsa msonkho wina wokhudza oyendetsa ndalama za anthu olemera, m'malo mwake munalowa msonkho wa 1 peresenti pa makampani ogulanso masheya awo, ndipo anapezera madera a kumadzulo madola 4 biliyoni olimbana ndi chilala. Za nyengo ndi magetsi anaziwerengera madola 369 biliyoni, koma Manchin anaonetsetsa kuti boma lipitirize kubwereketsa malo okumba mafuta ndi gasi.

Phunziro loyamba kwa ife ndi lakuti amene amasintha bilu si amene akugwirizana nanu kale, koma amene voti yake ikusowa. Kuchokera pa chisankho cha 2025 Nyumba yathu ili ndi mipando 229, ndipo aphungu oima paokha ndi a zipani zing'onozing'ono amakhala ndi mawu pamene boma likusaka mavoti. Fufuzani kuti phungu wanu ali m'komiti iti. Ngati sali mu ya zaumoyo, ya bajeti ndi zachuma, kapena ya zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, mupempheni akufikitseni kwa mnzake wa ku Ntcheu kapena ku Dedza amene alimo. Lachiwiri ndi lakuti chimene chimapulumuka pa kusinthanitsa ndi pempho laling'ono, lokhala ndi nambala ndi tsiku. Lachitatu, lonjezo la pakamwa musaliwerengere. Manchin yemweyo, ndi mphamvu zake zonse, analonjezedwa lamulo lofulumizitsa paipi ya gasi ya Mountain Valley, koma linakanika mu Sepitembala 2022 ndipo linadzalowa m'lamulo lina mu 2023. Fodya n'uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nduna ikanena kuti "tiona pa kuunikanso bajeti", lembani tsikulo, koma musauze anthu kumudzi kuti ndalama zapezeka.

Umboni wa mankhwala

Apa ndi pomwe makomiti ambiri amalephera, choncho tichedwepo. Kunena kuti "kuchipatala kulibe mankhwala" sikusuntha aliyense, chifukwa mkulu wa unduna amangoyankha kuti ma ARV ndi LA alipo, ndipo amakhala akunena zoona. Mankhwala a HIV, TB, malungo ndi akatemera ambiri amabwera kudzera m'ndalama za abwenzi akunja monga Global Fund ndi Gavi. Amene amadalira bajeti ya boma ndi monga amoxicillin, paracetamol, mankhwala a BP ngati amlodipine ndi hydrochlorothiazide, a shuga ngati metformin ndi insulin, kudzanso magolovesi ndi mabandeji. Sankhani mankhwala 5 kapena 6 mwa amenewa, osapitirira, ndipo muwalondole miyezi itatu yotsatizana.

Komiti ya pachipatala ipemphe a in-charge kuti ione zinthu zitatu. Choyamba ndi stock card ya mankhwala aliwonse, khadi lomwe limakhala pa shelefu pambali pa mankhwalawo. Lili ndi tsiku, kuchuluka kwa omwe alandiridwa, omwe atulutsidwa ndi omwe atsala. Pezani tsiku lomwe otsala anafika pa 0 ndi tsiku lomwe ena analowa, muwerenge masiku a pakati. Chachiwiri ndi lipoti la pamwezi lomwe chipatala chimatumiza ku boma poitanitsa. Chachitatu ndi pepala lomwe limabwera ndi galimoto yotula mankhwala. Mukaika mapepala atatuwa pamodzi mudziwa komwe vuto lagona. Ngati chipatala chinaitanitsa mabotolo 40 n'kulandira 10, vuto lili pamwamba: mwina ndalama za boma la Ntcheu zogulira mankhwala zatha chaka chisanathe, mwina ku Central Medical Stores Trust, komwe zipatala za boma zimagula mankhwala, kulibe mankhwalawo. Ngati chinaitanitsa ochepa kapena lipoti linachedwa, imeneyo ndi nkhani ya ofesi ya zaumoyo ku khonsolo, musaitengere ku Lilongwe. Ngati pepala la galimoto likunena 40 koma khadi likunena 25, ndi nkhani ya kusowa kwa katundu wa boma, ndipo njira yake ndi ina. Musajambule kaundula wa odwala kapena kulemba dzina la wodwala aliyense. Zimenezo n'zachinsinsi ndipo zingakutsekereni khomo. Zipatala za CHAM zimagula mankhwala ambiri mwa njira yawoyawo, choncho nambala zake zilembedwe padera.

Mtengo wa mankhwala kwa ife umabisala m'ndalama zakunja. Ambiri amagulidwa kunja ndi madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama zokwana K1,180,000 zomwe zinkagula mankhwala a madola 1,000 zinayamba kugula a madola 694 okha. Choncho mukamva kuti ndalama za mankhwala zakwera, funsani kuti zakwera ndi zingati poyerekeza ndi kugwa kwa kwacha, komanso ngati mbali ina si yobwezera ngongole za chaka chatha. Pangano la ku Abuja la 2001 lakuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo mungalitchule, koma musalisandutse pempho lanu. Aliyense m'chipindamo amalidziwa, ndipo silinena kuti amlodipine wa ku Kasinje agulidwa ndi ndalama ziti.

Misonkho

Nduna idzafunsa kuti ndalamazo zichokera kuti, ndipo phungu wopanda yankho amakhala pansi msanga. Bajeti ikawerengedwa pamabwera mabilu osintha malamulo a misonkho: wa pa malipiro ndi phindu, wa VAT, ndi wa katundu wolowa m'dziko. Amenewa amadutsa mofulumira kumapeto, anthu atatopa, pamene ndi omwe amafika m'thumba la mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano ndi mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu. Pa msonkho uliwonse funsani mafunso awiri. Alipire ndani? VAT ikakwera amalipira aliyense wogula katundu m'sitolo, wosauka ndi wolemera mofanana, pamene kuchotsa mwayi wosalipira msonkho womwe makampani ena anapatsidwa kumakhudza ochepa. Nanga ndalamazo zipita kuti? Pokhapokha lamulo litanena mwachindunji, msonkho uliwonse umalowa m'thumba limodzi la boma lomwe anthu amalitcha Account Number One. Ndalama ya misewu yomwe imadulidwa pa mafuta a galimoto ili ndi thumba lakelake chifukwa lamulo linatero. Msonkho wa utsi wa galimoto unayamba mu 2019, koma dzina lokha silitanthauza kuti ndalama zake zikudzala mitengo m'mapiri a Kirk Range. Wina akabwera ndi ganizo la msonkho wa zaumoyo pa mowa kapena fodya, lithandizeni pokhapokha biluyo itatchula thumba lomwe ndalamazo zikalowe ndi amene azidzapereka lipoti lake.

Nyengo

Ndalama za nyengo sizikhala pamalo amodzi. Zina zili ku nthambi ya zankhalango, zina ku ulimi wamthirira, zina ku DoDMA, zina ku makhonsolo. M'mabuku a bajeti, ntchito za chitukuko zimagawidwa pawiri: Part 1 ndi ndalama za abwenzi akunja, Part 2 ndi za boma lathu. Misonkho ikapanda kutoleredwa mokwanira, kawirikawiri za Part 2 ndi zomwe zimayamba kuchedwa. Ngati mukufuna tchinga la madzi m'chigwa cha Bwanje kapena kukonza sikimu yomwe inakokoloka, ntchitoyo iyambe yalowa m'ndondomeko ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo. Ntchito yosapezeka m'menemo imavuta kuiteteza ku Lilongwe ngakhale phungu ataikonda. Anzathu a ku Mtakataka ndi Golomoti ku Dedza, omwe amalandira madzi otsika m'mapiri omwewa, ndi oyenera kusainira nawo kalata imodzi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha El Niño cha 2024 zinaonetsa kuti ndalama zimathamangira ku chithandizo ngozi itachitika kale. Pempho lanu likhale la ntchito yopewera, lokhala ndi malo, kutalika kwake ndi mtengo womwe injiniya wa khonsolo wawerengera.

Kalata yokha isapitirire tsamba limodzi, umboni ukhale kumbuyo. Ilembedwe m'dzina la ADC kapena komiti ya pachipatala, isainidwe ndi wapampando, a gulupu kapena a T/A aikepo chidindo. Munene vuto m'mizere iwiri, nambala zanu, pempho limodzi, ndi funso lomwe phungu akafunse liwu ndi liwu, mwachitsanzo: "Kodi boma la Ntcheu linapatsidwa ndalama zingati za mankhwala chaka chatha, ndipo mankhwala omwe anafikadi anali a ndalama zingati?" Kope lina lipite kwa DC, lina ku mabungwe omwe amaitanidwa kukalankhula pa za bajeti monga Malawi Health Equity Network (MHEN) ndi Malawi Economic Justice Network (MEJN). Pewani kuika mtundu wa chipani pa kalatayo, chifukwa amene mukumufuna akhoza kukhala wa mbali ina.

Bajeti ikadutsa, ndalama zovomerezedwa si ndalama zotulutsidwa. Pakatha miyezi itatu iliyonse lemberani khonsolo kupempha kuchuluka kwa ndalama zomwe zabwera pa mzere womwe mukuulondola. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limakupatsani ufulu umenewu, ndipo mukakanizidwa mungadandaule ku Malawi Human Rights Commission. Yankho limenelo ndilo mupite nalo pa kuunikanso bajeti chakumapeto kwa chaka, pomwe nduna imatha kusuntha ndalama. Muyang'anenso ngati zomwe munapeza sizikuchotsedwa mwakachetechete: ku America, lamulo lomwe Donald Trump anasainira pa 4 Julayi 2025 linafupikitsa kapena kuthetsa mbali zambiri zothandiza magetsi a dzuwa, a mphepo ndi galimoto zamagetsi za mu 2022, pamene kukambirana mitengo ya mankhwala kunatsala. Kwa ife, tsegulani buku la bajeti la chaka chotsatira pa mzere womwewo, muyerekeze nambala yovomerezedwa, yosinthidwa pakati pa chaka ndi yatsopano, ndipo ma stock card a mankhwala 6 aja mupitirize kuwawerenga mwezi ndi mwezi.