Mukatitimira m'matope kapena mumchenga wa mumtsinje, chitani izi

Mvula ikangolimba cha mu December, madambo athu kuno ku Eastern Province ya Zambia amasintha. Pamalo pomwe mu October mumadutsa pa njinga osatsika, mu February mwendo ulowa mpaka m'ntchafu. Ku Mambwe ndiye kwenikweni, makande akuda aja a m'chigwa cha Luangwa amagwira ngati ulimbo, komanso mchenga wa mu Lupande kapena mu Luangwa momwemo madzi akayamba kuphwa umaoneka wouma bwinobwino pamwamba pomwe pansi pake madzi akadali kuyenda. Amene amakodwa kwambiri ndi ana oweta ng'ombe, amayi opita ku dimba ndi asodzi.

Choyamba, dziwani kuti mchenga umenewu sumeza munthu thupi lonse. Mchenga wosakanikirana ndi madzi ndi wolemera pafupifupi kawiri kuposa thupi la munthu, ndiye mumatitimira mpaka cha m'chiuno basi. Chomwe chimapha ndi mtsinje ukadzadza inu muli momwemo, kutopa, dzuwa, ndi ng'ona kumene zimapezeka. Ndiye mtima m'malo, koma osataya nthawi.

Mukangomva kuti pansi pakunjenjemera ndipo mapazi akulowa, bwererani m'mbuyo msanga, kuponda momwe munaponda kale. Zikakanika, imani. Osapalapata, osazula mwendo umodzi mwamphamvu chifukwa thupi lonse limatsamira pa mwendo winawo ndiye umalowa kwambiri. Katundu wa pamutu, kaya ndi mtolo wa nkhuni kaya thumba la feteleza, ponyani kutali. Ngati mwabereka mwana mumasuleni mupatse amene ali pouma, olo mumugoneke pa chitenje patali momwe mkono ungafikire kumbali yolimba.

Manje apa ndi pamene ambiri amakana, koma ndiye chipulumutso chake: gonani chagada. Inde, pamatope pomwepo. Tambasulani manja uku ndi uku kuti msana wonse unyamule thupi, osati mapazi okha. Ngati muli ndi ndodo, nsungwi kapena mpini wa khasu, ikani mopingasa kunsi kwa msana, cha m'chiuno. Ngati matope angofika m'mawondo ndipo pouma pali kutsogolo kwanu, mutha kugona chafufumimba, bola nkhope isalowe.

Kenaka yambani kugwedeza mwendo umodzi pang'onopang'ono, mozungulira. Mukatero mumatsegula mpata woti madzi atsike m'mbali mwa mwendo, matope aja n'kufewa, kumata kuja n'kutha. Dzanja likafika, kumbani m'mbali mwa bondo kuti madzi alowe. Zimatenga nthawi, mwina mphindi zambiri pa mwendo umodzi, ndiye pumani mukatopa. Jombo zikagwidwa zisiyeni, solozani phazi lokha, jombo mudzagula zina. Mwendo ukatuluka ugonekeni pamwamba, muyambe winawo. Yonse ikatuluka osaimirira ai, gubudukani kapena kwawani mpaka pouma.

Tsopano inu othandiza, apa ndikupempheni kwambiri. Osathamangira kulowa, mudzakhala awiri okodwa. Yalani nthambi, matabwa, chitseko, olo mphasa, mugone chafufumimba pamenepo n'kumuponyera chingwe kapena chitenje kuti agwire. Koma musamuzule ndi mphamvu, ndipo zomangirira munthu ku ngolo ya ng'ombe kapena ku galimoto kuti akokedwe musayerekeze n'komwe. Mu 2005 akatswiri a ku yunivesite ya Amsterdam anayeza nkhaniyi, anapeza kuti kuzula phazi mumchenga wotere pa liwiro la sentimita imodzi pa sekondi kumafuna mphamvu yonga yonyamulira galimoto. Mwendo wa munthu sungapirire zimenezo, mudzamugulula bondo kapena chiuno. Chingwe ntchito yake ndi yoti munthuyo asagwe chammbali, kukoka kubwere miyendo itamasuka kale. Ngati pali ndowa, thirani madzi m'mbali mwa miyendo yake, zimathandiza kwambiri m'makande ouma pang'ono.

Wina aziyang'ana kumtunda kwa mtsinje nthawi yonseyi. Mitsinje yathu yamchenga imadzadza mwadzidzidzi ngakhale pamalopo pali dzuwa, chifukwa mvula yagwa kumapiri. Mukaona madzi akusintha kukhala ofiira, zinyalala ndi thovu zikubwera, itanani anthu ambiri ndi makasu mukumbe. Ngati foni ikugwira imbani 993 kwa ozimitsa moto kapena 991 kupolisi, ngakhale kumudzi amene adzafike msanga ndi anzanu a pafupi, ndiye kuwani.

Munthu akatuluka, mumusambitse, mumufunditse ndi kumupatsa madzi akumwa. Akakhala kuti wakhalitsa m'matope, mwendo watupa kapena wachita dzanzi losatha, kapena wachekeka ndi chitsa, apite ku kiliniki tsiku lomwelo, kafumbata amalowera pa mabala a dothi ngati amenewa. Ndipo pamalopo zikani mtengo womanga nsanza, muuzenso ana oweta ng'ombe kuti aziyamba ajoba pansi ndi ndodo asanaponde.