Momwe mungakonzekere ulendo wa tchuthi pa sitima ya Ilala

Anthu ambiri akamva za tchuthi cha pa sitima ya pamadzi amaganiza za masitima akuluakulu onyamuka ku Durban kapena ku Ulaya, chonsecho kwathu konkuno tili ndi sitima imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira chaka cha 1951. Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland, inabwera ili zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira ku Mozambique, kenaka anailumikiza m'mphepete mwa nyanja yathu. Dzina lake linachokera ku dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873.

Mudziwiretu kuti Ilala ndi sitima ya ntchito. Imanyamula matumba a chimanga, simenti, malata, nkhuku, madengu a usipa, ana asukulu ndi odwala, chifukwa kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe sitimayi ndiyo msewu wawo. Munthu amene wamvetsa zimenezi asananyamuke amasangalala ndi ulendowu, ndipo zonse zimene ndalemba m'munsimu zagona pamenepo.

Sankhani chigawo cha ulendo ndi nyengo yake

Mwa chizolowezi sitimayi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, n'kulowera kumpoto kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka kukafika ku Chilumba m'boma la Karonga Lamulungu, ndipo pobwerera imadzafikanso ku Monkey Bay chapakati pa sabata. Ulendo wonsewo, kupita ndi kubwera, umadya pafupifupi sabata yathunthu. Kwa munthu amene akukwera koyamba, makamaka ngati ali ndi ana, ine ndimalangiza kuti ayambe ndi chigawo chachifupi: akakwerere ku Nkhata Bay Lolemba madzulo pamene sitima ikubwerera kummwera, akatsike ku Chizumulu kapena ku Likoma, akhale kumeneko masiku angapo, kenaka adzaikwerenso Loweruka ikamapita kumpoto. Njira imeneyi imachepetsa mtengo wa tikiti, komanso imakupatsani nthawi yopuma pa chilumba m'malo mongoona zilumbazo muli pamwamba pa sitima.

Nyengo ndi nkhani yaikulu. Kuyambira mwezi wa June mpaka August kumawomba mphepo ya mwera, nyanja imawinduka, mafunde amakula, ndipo anthu ambiri amene sanazolowere amachita chizungulire ndi kusanza. Usiku wa miyezi imeneyi kumazizira kwambiri pamwamba pa sitima. Miyezi ya September ndi October nyanja imakhala yodekha masiku ambiri ngakhale kuti kumatentha, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene ine ndimaikonda. Pa Khrisimasi ndiponso sabata imene sukulu zikutsegulira kapena kutsekera sitima imadzaza moti pansi pamasowa popondapo, choncho ngati ntchito ikukulolani pewani masiku amenewo.

Tsimikizani kuti sitima ikuyenda

Musananyamuke kunyumba imbirani foni ku ofesi ya pa doko kapena kumalo ogona alendo kumene mukukafikira, mufunse ngati Ilala ikuyenda sabata imeneyo. Sitimayi ndi yakale, ndipo nthawi ndi nthawi amaiimitsa ku Monkey Bay kuti aikonze. Zikatero pamabwera sitima ina yocheperapo imene mwina ilibe zipinda zogona. Eni malo ogona a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma ndiwo amadziwa msanga kumene sitima yafika, chifukwa alendo awo ndi katundu wawo amadalira yomweyo. Ndandanda imene mungaipeze pa intaneti muitenge ngati chongokuthandizani kuyerekeza, pakuti nthawi yonyamukira pa doko lililonse imatengera kuchuluka kwa katundu wokweza ndi wotsitsa. Siyani tsiku limodzi kapena awiri opanda chochita kumapeto kwa tchuthi chanu. Musaike ukwati, mayeso kapena ulendo wa pandege tsiku lotsatana ndi limene sitima ikuyembekezeka kukutulani.

Gulani tikiti pamalo oyenera

Malo okhala alipo osiyanasiyana. Pansi penipeni ndi pa anthu ambiri, pa mtengo wotsika, pamene mumakhala limodzi ndi katundu ndi nsomba. Pali gawo lina la mipando yofewa, pali pamwamba pa deki pamene mumagona panja pansi pa denga lotchinga dzuwa, ndipo pali makebini okhala ndi mabedi. Makebini ndi ochepa ndipo mtengo wake umaposa wa pa deki, choncho amene akuwafuna asungitse msanga, makamaka ngati akuyenda ndi agogo kapena khanda. Kwa munthu wamphamvu zake, pa deki ndi pabwino koposa: mpweya ndi wabwino, bala ili pomwepo, ndipo mbandakucha mumaona mapiri a ku Mozambique akuwonekera pang'onopang'ono kutsidya. Matiresi ogonera amabwereketsa pa ndalama yapadera.

Mitengo imasintha mafuta akakwera, motero funsani mtengo wa sabata imeneyo, musadalire umene mnzanu analipira chaka chatha. Pa madoko pamakhala madobadoba amene amakulandirani mwaulemu kwambiri, n'kunena kuti matikiti atsala pang'ono kutha koma iwo ali ndi mnzawo m'kati. Musawapatse ndalama. Tikiti igulidwe mu ofesi ya pa doko kapena kwa wogwira ntchito m'sitima momwemo, ndipo muisunge bwino mpaka mutatsika chifukwa amaifunsa potuluka. Tengani ndalama zogwirika zokwanira ulendo wonse, zina zikhale zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza pamtunda, koma pakati pa nyanja netiweki imasowa, ndipo kufupi ndi zilumba foni nthawi zina imagwira netiweki ya ku Mozambique.

Za zovala ndi zina zotero sindichulukitsa mawu. Bulangeti kapena juzi lokhuthala, tochi, madzi akumwa, mapepala a kuchimbudzi, mankhwala othamangitsa udzudzu, mankhwala oletsa kusanza amene muyenera kumwa sitima isananyamuke, ndi pawa banki yodzaza. Zonsezi zilowe m'chikwama chimodzi chobereka kumsana. Sutikesi ya matayala isiyeni kunyumba, ndipo chifukwa chake mukuchimva tsopano.

Kukwera ndi kutsika pamene palibe doko

Apa ndi pamene ndikupempha kuti muwerenge mofatsa, chifukwa ndi pamene ulendo wanga wina unasokonekera. Ku Monkey Bay ndi ku Chilumba sitima imakocheza pa doko ndipo mumangoyenda n'kulowa. Koma malo monga Nkhotakota, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe madzi a kugombe ndi osaya, choncho sitima imaponya nangula patali, n'kutsitsa maboti ake a injini amene amatuta anthu ndi katundu kupita nawo kumtunda ndi kubwera ndi ena. Kawirikawiri zimenezi zimachitika usiku. Mumatsika pa makwerero achitsulo oterera, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde pansi panu, kumbuyo kwanu wina akukankha ndi thumba la ufa pamutu, ndipo boti likafika kugombe silifika pa mchenga penipeni. Mumalumphira m'madzi olekeza m'mawondo, nthawi zina m'chiuno, n'kuyenda mpaka kumtunda.

Ine ndinafika ku Chizumulu pakati pa usiku mwera ukuwomba. Anthu anali ambiri pa khomo lotsikira, ndipo pambali pa maboti a sitima panabweranso maboti a matabwa a anthu wamba amene amanyamula anthu pa ndalama. Anyamata a m'boti lina anandiuza kuti boti la sitima lichedwa, iwo andifikitsa msanga, ndipo tinagwirizana mtengo. Analandira chikwama changa n'kuchiponya pansi pa boti, pamwamba pake n'kusanjikiza matumba a anthu ena. Tili pakati pa sitima ndi gombe anazimitsa injini n'kunena kuti mtengo uja unali wa munthu yekha, katundu ali ndi mtengo wake, ndipo sapitiriza mpaka aliyense atalipira. Mayi wina amene anali ndi mwana kumsana anayamba kumasula mfundo ya chitenje chake mumdimamo kufunafuna ndalama, mafunde akuthira madzi m'boti. Tinalipira tonse. Nditafika kumtunda ndinapeza kuti chikwama chinakhala nthawi yonseyo m'madzi amene anali pansi pa boti, osakanikirana ndi mafuta a injini. Foni inafa, zovala zonse zinanyowa ndi kununkha petulo, ndipo tikiti ndi ndalama za mapepala zinamatirirana moti ndinachita kuziyanika imodzi imodzi pa mwala kutacha.

Kuchokera pamenepo ndimachita motere. Ndisanafike pamalo otsikira ndimakulunga foni, ndalama, chiphaso cha unzika ndi tikiti m'majumbo awiri, ndimamanga mfundo, n'kuziika m'kachikwama kovala pachifuwa m'kati mwa malaya. Zovala nazo zimalowa m'jumbo lalikulu lisanalowe m'chikwama. Ndimavala kabudula kapena thalauza lopindika mosavuta ndi nsapato zapulasitiki zomanga kumbuyo, chifukwa mapatapata amatsalira m'matope. Amayi amene avala chitenje achimangire m'mwamba ndipo m'kati avale kabudula, kuti miyendo ikhale yomasuka pa makwerero. Manja onse awiri akhale opanda kanthu potsika, ndipo tochi yovala pamutu ndi yabwino kuposa ya m'manja.

Chachiwiri, musathamangire boti loyamba. Boti loyamba ndi limene limadzaza mopyola muyeso chifukwa aliyense akufuna kukhala woyamba, pomwe sitima imakhala pamalopo nthawi yaitali ikutsitsa katundu. Dikirani pamwamba mpaka chipwirikiti chitachepa, kenaka mutsike ndi boti la sitima limene mtengo wake uli kale mu tikiti yanu. Ngati mwasankha boti la anthu wamba, ndipo ambiri mwa eni maboti amenewa ndi anthu okhulupirika amene akungofuna podyera, mugwirizane mtengo wa munthu ndi katundu pamodzi musanaponde m'botimo, anthu ena akumva, ndipo mulipire mutafika kumtunda. Njira yabwino koposa ndi kuuziratu a kumalo kumene mukukagona kuti akutumizireni boti lawo kapena munthu wawo wodzakuchingamirani. Zimawonjezera ndalama pang'ono, koma ndi zochepa poyerekeza ndi mtengo wa foni yatsopano. Chikwama chikhale pa miyendo panu nthawi zonse. Mwana wamng'ono mumupereke m'manja mwa wogwira ntchito ya m'sitima amene waima pa makwerero, inu mutsike kaye, kenaka mumulandire muli m'boti. Mukaona kuti boti lazama kwambiri ndi katundu, likaneni, mudikire lina.

Muli m'sitima ndi pa chilumba

Chakudya chimagulitsidwa m'sitima momwemo: nsima, mpunga, nyemba, nkhuku kapena nsomba, ndi tiyi wam'mawa. Sitima ikachedwa zakudya zina zimatha, choncho buledi, nthochi ndi mtedza wokazinga zisasowe m'chikwama. Ku Nkhata Bay sitima imakhalitsa, ndipo mukhoza kutsika kukadya kondowole ndi nsomba ya batala kapena usipa pa msika, bola mufunse kaye nthawi yonyamukira ndipo mubwerere mukangomva kulira kwa hutala yoyamba. Mukaona chinthu chonga utsi chikukwera pakati pa nyanja musaganize kuti kukupsa, imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a m'mphepete mwa nyanja amatigwira n'kupanga ndiwo.

Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, choncho Mmalawi safunika pasipoti pokafika kumeneko, pokhapokha ngati akufuna kuwolokera ku Cobue, kugombe la Mozambique. Ku Likoma kaoneni tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's ku Chipyela, chimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo mukalowemo Lamulungu m'mawa kuti mukamve kuimba. Chilumbacho ndi chaching'ono, chodzaza ndi milambe, ndipo mbali yaikulu mukhoza kuiyenda wapansi kapena pa njinga yamoto. Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, kuyambira nyumba za alendo zotsika mtengo mpaka malo odula a m'mphepete mwa nyanja. Sungitsani malo musanafike chifukwa alendo onse amatsika tsiku limodzi. Gonani m'neti, ndipo posambira pewani malo a bango ndi madzi osayenda chifukwa cha likodzo. Mukabwerera kwanu mukayezetse kuchipatala pakapita masabata angapo.

Tsiku lobwerera khalani pa gombe msanga ndi chikwama chokulungidwa monga poyamba paja. Mukatsikira ku Nkhata Bay usiku, gonani komweko mpaka kuche, ndipo m'mawa mupeza maminibasi opita ku Mzuzu, kumene mungakwere basi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Amene apitirira mpaka ku Chilumba akatsika sitima akhoza kupita ku Chitimba pa msewu wa M1 n'kukwera phiri kukaona Livingstonia asanabwerere.