Momwe mungalondolere mbiri ya kholo lanu lomwe linali lachuma m'zaka za m'ma 1800

Mabanja ambiri ali ndi nkhani ya gogo wina amene anali ndi ng'ombe zodzaza khola, kapena ankatsogolera ulendo wa minyanga ya njovu mpaka ku Kilwa, doko la kugombe la nyanja ya mchere ku Tanzania. Kuti mudziwe zoona zake musathamangire ku National Archives ku Zomba, kosungira zolemba zakale za boma, ayi. Yambirani pakhonde.

Choyamba, chezani ndi agogo, amalume ndi azakhali, aliyense payekha, mukujambula mawu pafoni. Mukawaika pamodzi, wamkulu akayankhula enawo amangoti "eya". Funsani mayina onse a munthuyo: laubwana, lakuchinamwali, laubatizo, ndi mfunda wake. Ambiri amasokera pomwepa. Dzina la ufumu limalowedwa, ndiye a Uje amene anathawira kuphiri poopa Angoni ndi a Uje amene anakhoma msonkho atha kukhala anthu awiri. Komanso kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe, wolowa m'malo ankakhala mwana wa mlongo wake, osati womubereka yekha. Londolani kuchikazi.

Chachiwiri, zaka. Akuluakulu satchula chaka, amatchula chochitika. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku la kadamsana. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Mvera mu 1889. Mlozi, wamalonda a akapolo, anapachikidwa ku Karonga mu 1895, Gomani, mfumu ya Angoni, anaphedwa mu 1896. Funsani kuti pamenepo kholo lanulo linali mnyamata kapena laimvi kale.

Kenako kaonekereni kwa anyakwawa, osati chimanjamanja, akulozereni mabwinja ndi manda. Kumanda musalowe popanda chilolezo chawo.

Mapepala abwere pomaliza. Mabuku aubatizo ndi amaukwati kumishoni amathandiza kwambiri, chifukwa moto wa 1919 ku Zomba unatentha zolemba zambiri zoyambirira za boma. Ku National Archives pemphani mabuku amene mabwanamkubwa ankalembamo mibadwo ya mafumu a m'boma lililonse. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mapu ndi zithunzi zakale. Azungu ankalemba dzina momwe khutu lawo lamvera, choncho yesani kalembedwe kosiyanasiyana.

Konzekani mtima: chuma cha nthawiyo chinali nsalu, mikanda, mfuti, komanso anthu. Mutha kupeza kuti kholo lanulo linkasunga akapolo, kapena kuti mzere wanu unachokera kwa mayi wogwidwa kunkhondo. Lembani ndithu, koma funsani akubanja musanaziponye pagulu la WhatsApp, poti m'midzi ina nkhani zimenezi zimakhudzabe ufumu ndi minda.