Chitedze, minga ndi utomoni wa nkhadze: dzitetezeni nthawi yososa

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, alimi a ku Chingale, Thondwe, Domasi ndi m'mbali mwa mtsinje wa Likangala amakhala pa kalikiliki wososa minda. Nthawi imeneyi ndi yomwenso anthu ambiri amalasidwa ndi minga kapena kugwera m'chitedze, ndipo kabala kamene munthu amakanyozera kamatha kumugoneka mpaka mvula yodzalira kumudutsa.

Tiyambe ndi chitedze. Chimayanga m'tchire, m'malire a minda ndi m'mphepete mwa mitsinje. Choyabwa ndi ubweya wa pa zikhokhombe zake. Ubweyawo uli ngati tisingano, ndipo ukalowa pakhungu umasiya mankhwala otchedwa mucunain, amene amayambitsa kuyabwa koopsa kuja. Zikhokhombe zikauma ubweya umathothoka mosavuta n'kumauluka ndi mphepo, n'chifukwa chake munthu amatha kuyabwidwa asanachikhudze n'komwe. Kalongonda amene ambiri amadzala kuno ndi mbale wake wa chitedze, koma alibe ukali wotere.

Nthawi yabwino yothana nacho ndi chikadali chachiwisi, chikuchita maluwa ofiirira, chisanabereke. Dulani tsinde pansi penipeni, zulani ndi muzu womwe. Ngati mwachedwa ndipo chauma kale, pitani m'mamawa mame asanakamuke, popeza ubweya wonyowa suuluka kwambiri. Valani malaya a manja aatali, buluku ndi jombo, ndipo imani kumene mphepo ikuchokera. Ana asakhale pafupi.

Chikakugwirani, musakande. N'zovuta kupirira, koma kukanda kumathyola ubweyawo n'kuukankhira m'kati mwa khungu, komanso kumaufalitsa ndi zala. Vulani chovalacho mosachikutumula. Ngati muli ndi selotepu, matani pamalopo n'kumatula, kangapo konse, nthawi iliyonse ndi kachidutswa katsopano. Mukatero sambani ndi sopo ndi madzi ambiri ozizira, kenako ikanipo nsalu yonyowa. Mankhwala opaka a calamine amaziziritsa khungu, ndipo mapiritsi a Piriton amathandiza, ngakhale amabweretsa tulo. Kudzikhula ndi dothi kapena phulusa sitikulimbikitsa: kumasupula khungu n'kutsegulira tizilombo njira. Zovalazo muchape pazokha. Munthu akatupa nkhope kapena akayamba kubanika, thamangirani naye kuchipatala.

Utomoni wa nkhadze, umene umatuluka podula mpanda, umawotcha khungu, koma ngozi yaikulu ili m'maso. Ukalowa m'diso tsukani ndi madzi oyera mosalekeza kwa mphindi zosachepera 15, musatikite, ndipo kaonaneni ndi achipatala tsiku lomwelo.

Minga ya mthethe, nsangu, kankhande ndi lunguzi, ngakhalenso nsonga ya khonje, imalowa mosavuta kuphazi lopanda nsapato, ndipo patapata sateteza kanthu. Nthambi zaminga muziunjike pamalo amodzi, kutali ndi njira. Munga ukakulasani sambani m'manja, tsukani pabalapo ndi sopo, ndipo singano kapena pini yozulira muiwiritse kaye m'madzi kwa mphindi 10. Tsegulani khungu pang'ono pamwamba pa mungawo, muukoke motsata njira imene unalowera. Mukaukoka mopingasa umathyokera m'kati, ndipo kachidutswa kotsalako ndi kamene kamayambitsa mafinya. Mukautulutsa yang'anani ngati nsonga yake yatuluka yonse, tsukaninso, n'kumanga ndi kansalu koyera. Ndowe, dothi kapena mafuta a galimoto zisafike pabala.

Osakumba nokha munga umene walowa kwambiri, kapena walasa pabondo, pamfundo ya chala kapena m'diso. Pitaninso kuchipatala ngati patatha tsiku limodzi kapena awiri pamalopo patupa, pafiira, pakutentha, pakutuluka mafinya, kapena mwatuluka mwanabere.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala laling'ono koma lakuya, ngati la munga. Zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada kuuma, khosi kulimba, kuvutika kumeza, thupi kukokana. Matendawa amapha. Ngati simukukumbukira kuti katemera wa kafumbata munabayitsa liti, tengani buku lanu la kuchipatala mupite tsiku lomwe mwalasidwalo, osadikira zizindikiro.

Mukafika kumeneko fotokozani bwino zimene mukumva, chifukwa mawu akuti "pakupweteka" okha samuthandiza dokotala. Kuyabwa, kuwotcha, kubaya ngati singano, kunyerenyetsa ndi dzanzi n'zosiyana, ndipo chilichonse chimaloza kwake. Nenaninso mtengo umene wakulasani ndi tsiku lake. Dzanzi la kumapazi losatha, popanda munga kapena chitedze, lingakhale chizindikiro chakuti mitsempha ikuwonongeka, monga zimachitikira ndi matenda a shuga kapena khate. Munthu wotere amatha kuyenda ndi munga masiku angapo osaumva, choncho madzulo aliwonse akasamba aziyang'ana kuphazi ndi pakati pa zala, kapena apemphe wachibale amuyang'anire kusanade.